Kugulitsa ufulu woulutsa mpira kapena kuonetsa nokha pa intaneti: njira yoti ligi itsate

Kwa zaka zoposa makumi atatu, ndalama zambiri zoyendetsera mpira wa akatswiri zakhala zikuchokera ku makampani a kanema omwe amagula ufulu woulutsa masewero kenako n'kumalipiritsa anthu oonera. Dongosolo limeneli lidazika mizu mu 1992, pamene matimu akuluakulu a ku England adayambitsa Premier League n'kugwirizana ndi BSkyB pamodzi ndi BBC pa mtengo wa mapaundi 304 miliyoni kwa zaka zisanu. Mgwirizano womwe ukugwira ntchito m'dzikolo kuyambira 2025 mpaka 2029 ndi wa mapaundi 6.7 biliyoni, ndalama zomwe zimamveka zochuluka zedi mpaka munthu atazigawa pa chaka. Mgwirizano wa 2016 mpaka 2019 udali wa mapaundi 5.1 biliyoni kwa zaka zitatu pa masewero 168 pa sizoni, pomwe watsopanowu ndi wa zaka zinayi ndipo masewero oonetsedwa akupitirira 260 pa sizoni. Choncho ndalama ya pachaka yaima pomwe idali, ndipo mtengo wa masewero amodzi watsika kwambiri. Ngati zili chonchi ku ligi yolemera kuposa ina iliyonse, n'zosadabwitsa kuti maligi ambiri ayamba kudzifunsa ngati sikungakhale kwabwino kudumpha makampani a kanema n'kumagulitsa masewero kwa masapota mwachindunji kudzera pa intaneti.

Malangizo awa ndi a akuluakulu a maligi, eni matimu ndi mamembala a makomiti omwe akuyenera kuyankha funso limeneli. Maganizo anga ndiwanene poyambirira: kuonetsa masewero nokha sikubweretsa ndalama yatsopano pakokha, koma kumachotsa chiopsezo m'manja mwa kampani ya kanema n'kuchiika m'manja mwa ligi. Pali nthawi yomwe kusenza chiopsezocho kuli koyenera, koma ligi iyenera kuchisenza ikudziwa kulemera kwake, ndipo iyenera kufikako pang'onopang'ono.

Yambani ndi kudziwa mwini wa ufulu

Musanakambirane ndi wogula aliyense, tsegulani malamulo oyendetsera ligi yanu muone ngati alemba momveka bwino kuti ufulu woulutsa masewero ndi wa yani. M'maligi ambiri nkhaniyi siyidalembedwe, ndipo timu iliyonse imakhulupirira kuti masewero a pabwalo lake ndi ake, pamene bungwe loyendetsa mpira m'dziko nalonso limati mpikisano wonse ndi wake. Wogula wanzeru salipira ndalama zambiri pa katundu yemwe eni ake akukanganirana, ndipo ligi yomwe ikufuna kutsegula njira yakeyake yoonetsera mpira siyingayambe n'komwe ngati matimu awiri otchuka ali ndi mphamvu yoonetsa masewero awo kwina.

Dziko la Spain lidaphunzira zimenezi movutikira. Kufikira 2015 timu iliyonse inkagulitsa yokha ufulu wake, ndipo Real Madrid ndi Barcelona zinkatenga gawo lalikulu kwambiri pamene matimu aang'ono ankangotola zotsalira, mpaka boma lidakhazikitsa lamulo loti ufuluwo uzigulitsidwa pamodzi. Kugulitsa pamodzi kumafuna kuti kagawidwe ka ndalama kagwirizanidwe ndalamazo zisanabwere. Premier League imagawa ndalama zochokera m'dziko mwake motere: theka limagawidwa mofanana kwa matimu onse, gawo limodzi mwa magawo anayi limatengera malo omwe timu yamalizira pa ndandanda, ndipo gawo lotsalalo limatengera kuchuluka kwa masewero a timuyo omwe aonetsedwa pa kanema. Simukukakamizidwa kutengera ndondomeko imeneyi, koma mukufunika kukhala ndi yanu yolembedwa ndi yosainidwa, chifukwa mkangano wa kagawidwe umakula kwambiri ndalama zikayamba kusinthasintha mwezi ndi mwezi monga zimachitikira ligi ikamagulitsa yokha.

Unikaninso migwirizano yomwe ilipo kale. LaLiga mu 2021 ndi ligi ya ku France mu 2022 zidalandira ndalama zambiri nthawi imodzi kuchokera ku kampani ya CVC posinthanitsa ndi gawo la ndalama zam'tsogolo, ndipo ku Spain mgwirizanowo ndi wa zaka makumi asanu. Ligi yomwe idalonjeza kale gawo la mawa lake iyenera kuchotseratu gawolo pa masamu aliwonse omwe ikuchita.

Musagulitse zonse ngati mtolo umodzi

Ufulu woulutsa si chinthu chimodzi. Pali masewero oonetsedwa pomwe akuchitika, pali zigoli ndi mbali zosangalatsa zoonetsedwa masewero atatha, pali timakanema tifupitifupi ta pa foni, pali wailesi, pali masewero akale osungidwa, pali chilolezo choonetsera m'malo omwe anthu amasonkhana, komanso pali zithunzi ndi ziwerengero zomwe makampani a kubetcha amagula. Chilichonse mwa izi chikhoza kugawidwanso potengera dziko, tsiku, nthawi yoyambira ndi chilankhulo. Lembani zonsezi pa pepala limodzi, ndipo pa chilichonse muyankhe kuti ndani angachigule, ndani akuchigwiritsa ntchito lero mosalipira, komanso ngati mungapindule kwambiri mutachisunga.

Ubwino wogawa ndi woti kumakopa ogula omwe sangakwanitse kapena sakufuna ligi yonse. Amazon idalowa mu Premier League mu 2019 pogula masewero 20 okha pa sizoni, omwe ambiri mwa iwo ankachitika m'mwezi wa December pamene kampaniyo imafuna kukopa anthu ogula katundu. Bundesliga mu 2025 idapereka masewero ena a Lachisanu kwa anthu oulutsa pa YouTube ku Britain kuti aziwaonetsa kwaulere, chifukwa idaona kuti kumeneko kudziwika n'kofunika kuposa ndalama yochepa yomwe ikadapeza. Ku Brazil, CazéTV idaonetsa masewero a World Cup ya 2022 pa YouTube n'kukopa anthu mamiliyoni ambiri, ndipo ndalama zake zinkachokera kwa otsatsa malonda.

Koma kugawa kuli ndi malire, ndipo malirewo ndi thumba la sapota. Munthu akafunika kulipira makampani atatu kuti aone timu yake sizoni yonse, amayamba kufunafuna njira zakuba, ndipo akazolowera sabwereranso msanga. Pogawa, tengani timu imodzi ngati chitsanzo, muwerenge malo angati omwe sapota wake ayenera kulembetsa kuti asaphonye masewero aliwonse. Yankho likapitirira awiri, gawaninso. Fufuzaninso zomwe malamulo a dziko lililonse amalola, chifukwa m'maiko ena muli masewero omwe ayenera kuonetsedwa kwaulere, monga ndime yomaliza ya FA Cup ndi World Cup ku Britain, ndipo khothi la European Union lidagamula mu 2011, pa mlandu wa Karen Murphy yemwe ankaonetsa Premier League m'malo ake omwera pogwiritsa ntchito dikoda ya ku Greece, kuti kutsekereza malire pakati pa maiko a m'bungwelo kuli ndi polekezera.

Masamu omwe ayenera kuchitika musanasankhe

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe makomiti ambiri amathamangapo. Kampani ya kanema ikagula ufulu, imalonjeza ndalama yodziwika pa masiku odziwika, kaya anthu alembetsa ambiri kapena ochepa, kaya mpikisano wakoma kapena timu imodzi yatenga chikho kudakali miyezi iwiri. Matimu amalemba osewera ntchito, amabwereka ku banki ndipo amakonza mabwalo podalira lonjezo limeneli. Ligi ikasankha kugulitsa yokha, lonjezolo limachoka, ndipo m'malo mwake mumabwera ndalama yomwe imayamba yochepa, imakwera masewero akuluakulu akayandikira, n'kugwa sizoni ikatha.

Tengani chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti kampani ya kanema yalonjeza madola 12 miliyoni pa chaka, ndipo inu mukuganiza zolipiritsa madola 10 pa mwezi. Munthu wopupuluma adzati anthu 100,000 olipira miyezi khumi ndi iwiri akwanira. Koma sizoni siyitenga miyezi khumi ndi iwiri, ndipo anthu ambiri amasiya kulipira mpira ukaima, choncho werengerani miyezi isanu ndi inayi kapena khumi. Pa madola khumi aja chotsanipo msonkho wa boma. Chotsaninso gawo la omwe amatolera ndalamazo m'malo mwanu: Apple imatenga 30 peresenti pa malipiro odutsa mu App Store, sitolo yake ya mapulogalamu a pa foni, m'chaka choyamba ndi 15 peresenti pambuyo pake, ndipo makampani a foni kapena a dikoda omwe angakugulitsireni nawonso adzafuna gawo lawo. Mwina pa madola khumi mudzatsala ndi asanu ndi limodzi. Tsopano onjezani ndalama zomwe kale inkalipira ndi kampani ya kanema inu osaziona: kujambula masewero onse, kulipira ofotokoza mpira, makina otumizira zithunzi, kutsatsa, ndi anthu oyankha madandaulo Loweruka madzulo chithunzi chikaima. Ngati zimenezi zafika madola 4 miliyoni, ndiye kuti mukufunika kupeza 16 miliyoni, ndipo pa madola asanu ndi limodzi kwa miyezi isanu ndi inayi mukufunika anthu pafupifupi 300,000 olipira mosadumphitsa. Chiwerengero chomwe chimaoneka ngati 100,000 chakula katatu, ndipo pamenepo mwangofanana ndi zomwe mukadalandira mutakhala phee.

Mukapeza chiwerengero chanu chenicheni, chiyerekezeni ndi umboni womwe muli nawo. Otsatira timu pa Facebook si olipira, ndipo anthu oonera masewero aulere si umboni wa anthu omwe angatulutse ndalama mwezi uliwonse. Umboni wodalirika ndi wa omwe adagulapo kale china chake: matikiti a sizoni yonse, umembala wa timu, yunifomu, kapena malipiro a kanema omwe amadziwika kuti adachitika chifukwa cha ligi yanu. Kenako dzifunseni funso lomwe limasiyanitsa maloto ndi dongosolo, loti ndani adzalipira osewera m'miyezi yoyamba chiwerengerocho chisanakwane. Ngati palibe mpamba wosungidwa, ngongole yokonzedwa kale kapena mnzanu wamalonda wolonjeza ndalama yoyambira, ligi siyinakonzeke. Walira mvula walira matope, ndipo matope a njira imeneyi amagwera matimu aang'ono poyamba, chifukwa ndi omwe amadalira kwambiri ndalama ya kanema pa bajeti yawo.

Wogula wolonjeza zambiri mumufufuze kwambiri

Masamu akaonetsa kuti kugulitsa ndiko kwabwino, ntchito siyinathe, chifukwa lonjezo limakhala ndi phindu pokhapokha wolonjezayo akatha kulipira. Mbiri ya mpira yadzaza ndi ogula omwe adapambana pa mtengo n'kulephera kukwaniritsa. ITV Digital idagula masewero a Football League ku England pa mapaundi 315 miliyoni kwa zaka zitatu ndipo idagwa mu 2002 isanamalize kulipira, zomwe zidasiya matimu ambiri m'ngongole zomwe adatenga podalira ndalamazo. Setanta idagwa ku Britain mu 2009 ili ndi masewero a Premier League ndi a ligi ya ku Scotland. Mu Africa, mgwirizano wa dola biliyoni imodzi pakati pa bungwe la mpira la CAF ndi kampani ya Lagardère udathetsedwa mu 2019 utatsutsidwa ndi mabungwe oona za mpikisano pa malonda, ndipo masewero ena opikisanirana malo ku Africa Cup of Nations adasowa owaonetsa m'maiko angapo.

Nkhani yomwe komiti iliyonse iyenera kuidziwa bwino ndi ya Mediapro. Mu 2018 kampaniyi idapambana ufulu wa Serie A ku Italy, koma ligiyo idathetsa mgwirizano chifukwa chikole cha ku banki chomwe idafuna sichidaperekedwe. Chaka chomwecho ligi ya ku France idavomera lonjezo la kampani yomweyi la mayuro oposa 800 miliyoni pa chaka popanda kuumirira chikole chotero. Kanema wake wotchedwa Téléfoot adayamba kuulutsa mu August 2020, pofika October kampaniyo idalephera kulipira gawo lina, ndipo mu February 2021 kanemayo adatsekedwa. Maligi awiri adakumana ndi wogula mmodzi, ndipo chomwe chidawasiyanitsa ndi pepala limodzi la ku banki. Choncho mu tenda yanu lembani kuti wopambana apereke chikole cha ku banki kapena cha kampani yomwe ndi mwini wake, kuti gawo loyamba lilipidwe sizoni isanayambe, ndiponso kuti ufulu ubwerere kwa inu msanga malipiro akachedwa kupitirira masiku omwe mwagwirizana. Mufunseninso wogulayo chiwerengero cha olembetsa chomwe akufunika kuti abweze ndalama zake, ndipo ngati chiwerengerocho sichikugwirizana ndi kukula kwa msika, mtengo wake ndi wa pakamwa chabe.

Zomwe adachita omwe adayesapo

Ligi ya ku France siyidachirenso msanga. Amazon idatenga masewero ambiri mu 2021 pa mayuro 250 miliyoni pa chaka, kenako DAZN, kampani yoonetsa masewero pa intaneti, idalowa mu 2024 pa mayuro pafupifupi 400 miliyoni, koma mgwirizanowo udatha patangopita sizoni imodzi mbali ziwirizi zitasemphana pa malipiro, chiwerengero cha olembetsa ndi kuba kwa masewero. Mu August 2025 ligiyo idatsegula Ligue 1+, njira yakeyake yoonetsera masewero asanu ndi atatu mwa asanu ndi anayi a sabata iliyonse pa mayuro 14.99 pa mwezi, ndipo m'masabata oyambirira olembetsa adapitirira miliyoni imodzi. Ichi n'chipambano pa kukopa anthu, koma aliyense angachite masamu aja n'kuona kuti miliyoni imodzi pa mtengo umenewu, mutachotsa msonkho, ogulitsa ndi kujambula, siyifika pa zomwe matimu adazolowera kulandira. Chofunika kukumbukira n'choti ligiyi idafika pa njira imeneyi ogula atatha, ndipo idayenera kumanga m'miyezi yochepa zomwe zikadayenera kumangidwa m'zaka zingapo.

Ku Netherlands matimu adatsegula kanema wawo wotchedwa Eredivisie Live mu 2008, ndipo mu 2012 adagulitsa 51 peresenti kwa Fox pa mgwirizano wa pafupifupi yuro biliyoni imodzi kwa zaka khumi ndi ziwiri. Ena amati uku kudali kulephera, koma ine ndimaona kuti matimuwo adakambirana ali ndi mphamvu, chifukwa adali ndi olembetsa, makamera ndi umboni wa mtengo wa katundu wawo. Ku America, ligi ya mpira ya MLS idasankha njira yapakati mu 2022 pogwirizana ndi Apple pa ndalama zosachepera madola 250 miliyoni pa chaka: masewero onse pamalo amodzi, dziko lililonse, ligi ikujambula yokha, koma ndalama yoyambira ili yotsimikizika. Kubwera kwa Lionel Messi ku Inter Miami mu 2023 kudakweza olembetsa, komabe padali dandaulo loti munthu yemwe si sapota kale sangakumane ndi masewerowo mwangozi monga amachitira posinthasintha matchanelo pa kanema. Dandaulo limeneli n'lofunika kwa ligi iliyonse yomwe ikadakula, chifukwa masewero obisika kuseri kwa malipiro sabala masapota atsopano. Siyani masewero amodzi pa sabata, kapena zigoli zonse, pamalo pomwe mwana wopanda ndalama angazione.

Chithunzi chikhale chanu

Kaya mwasankha kugulitsa kapena ayi, pali chinthu chimodzi chomwe ligi iyenera kuyamba kuchigwira m'manja mwake, ndicho kujambula. Ligi ya ku Germany idakhazikitsa kampani yake yojambula, Sportcast, mu 2006, ndipo Premier League idalengeza kuti kuyambira 2026 ntchito yokonza zoulutsa zopita kumaiko akunja, yomwe kwa zaka zambiri inkachitika pamodzi ndi kampani ya IMG, idzakhala m'manja mwake. Ligi yomwe imajambula yokha ikhoza kusintha wogula popanda kuyambiranso, imasunga masewero ake akale, ndipo tsiku lomwe wogula wagwa imakhala ndi chithunzi choti itumize kwina Loweruka lotsatira.

Yambani ndi kuyendera bwalo lililonse. Kamera yaikulu imafuna malo okwera, moyang'anizana ndi mzere wapakati, dzuwa lili kumbuyo kwake, ndipo pamalo pomwe masapota akaimirira kukondwerera chigoli sangaitchinge kapena kugwedeza nsanja yake. Magetsi a pabwalo omwe amakwanira maso a munthu nthawi zambiri sakwanira kamera, ndipo chithunzi cha masewero a madzulo chimatuluka chakuda mbali imodzi ya bwalo. Payenera kukhala jenereta yoyesedwa m'mawa wa tsikulo, njira ziwiri zosiyana zotumizira chithunzi kuchoka pabwalo, ndi munthu mmodzi yemwe ntchito yake ndi kumvetsera mawu okha, chifukwa oonera amapirira chithunzi chosaoneka bwino koma sapirira mawu a wofotokoza omwe akufuula chigoli mpira usanamenyedwe. Netiweki ya foni yomwe imathamanga bwalo likakhala lopanda anthu imafooka pamene zikwi za anthu zalowa ndi mafoni awo, choncho yesani masiku a masewero enieni.

Mbali ya intaneti ili ndi vuto lakelake, loti anthu onse amalowa m'mphindi zisanu zomwezo masewero asanayambe. DAZN idadzudzulidwa kwambiri ku Italy mu 2021 chifukwa cha chithunzi choimaima itangotenga Serie A, ndipo Netflix, ngakhale ili ndi luso lonse, idavutika mu November 2024 pa nkhonya ya Mike Tyson ndi Jake Paul. Ligi isayese kumanga makina amenewa yokha, koma ibwereke kwa makampani omwe ntchito yawo ndi imeneyi, ndipo mu kontirakiti ilembe chiwerengero cha anthu oonera nthawi imodzi chomwe makinawo ayenera kupirira komanso chindapusa akalephera. Funsani za kuchedwa kwa chithunzi, chifukwa pa intaneti chikhoza kutsalira ndi theka la mphindi kapena kupitirira, ndipo sapota amene wamva za chigoli pa uthenga wa foni asanachione amaona ngati wabedwa. Ganizirani za data: chithunzi cha 5 megabit pa sekondi chimadya 2.25 GB pa ola, kutanthauza 4.5 GB pa masewero amodzi pamodzi ndi nthawi yopuma, pamene cha 1 megabit chimadya zosakwana 1 GB ndipo chimaoneka bwino ndithu pa foni. Mpatseni woonera mwayi wosankha yekha, ndipo komwe data ndi yodula kambiranani ndi makampani a foni kuti malipiro a mpira ndi data zigulidwe pamodzi.

Mtengo, kalipiridwe ndi akuba

Ubwino weniweni wogulitsa mwachindunji ndi woti mukhoza kugulitsa zomwe kampani ya kanema siyingafune kugulitsa: masewero amodzi okha, masewero a timu imodzi sizoni yonse, tsiku limodzi, kapena mtengo wotsika wa pa foni yokha, monga Showmax idachitira mu 2024 poyambitsa malipiro oonera Premier League pa foni m'maiko a kum'mwera kwa Sahara. Samalani kuti mtengo wa masewero amodzi usatsike mpaka kupha wa pamwezi, chifukwa anthu ambiri adzangogula masewero akuluakulu anayi pa sizoni n'kusiya ena onse. Kulipira kukhale kwa njira yomwe anthu a msika umenewo amagwiritsa ntchito kale, ndipo kuchoka pa kutsegula pulogalamu kufika pa kuona mpira pasadutse mphindi ziwiri. Kusiya kulipira nakonso kukhale kosavuta, popeza munthu amene wavutika kutuluka sabwereranso sizoni yotsatira.

Kuba kwa masewero sikudzatha, koma kukhoza kuchepa. Kuyambira 2017 mpaka 2019 kanema wotchedwa beoutQ ankaba zoulutsa za kanema wa beIN Sports poyera kudzera pa setilaiti, ndipo nkhaniyo idafika mpaka ku World Trade Organization. Lero kuba kwambiri kumachitika kudzera pa timabokosi ta intaneti ndi maulalo ofalitsidwa m'magulu a pa foni. Italy idayambitsa njira yotchedwa Piracy Shield mu 2024 yomwe imalamula kuti malo akuba atsekedwe pasanathe mphindi makumi atatu, koma yatsekapo molakwika malo osalakwa, zomwe zikuonetsa kuti chida champhamvu chimafuna kuyang'aniridwa. Ligi iike chizindikiro chobisika pa chithunzi cha wolembetsa aliyense kuti gwero la kuba lidziwike, ichepetse chiwerengero cha zipangizo zoonera pa akaunti imodzi, ndipo ikhale ndi munthu wochotsa maulalo akuba pomwe masewero akuchitika, chifukwa ulalo wochotsedwa mawa lake wagwira kale ntchito yake. Komabe chida chachikulu ndi mtengo woyenera ndi chithunzi chosaima, popeza ambiri mwa oonera zakuba amatopa ndi chithunzi chozima pa nthawi ya penate.

Musaiwale bwalo lenilenilo. England imaletsabe kuonetsa mpira pa kanema Loweruka masana kuyambira 2:45 mpaka 5:15 pofuna kuteteza matimu aang'ono omwe amadalira ndalama za pakhomo. Kaya mukugwirizana ndi lamuloli kapena ayi, mfundo yake ndi yoona: masewero oonetsedwa m'bwalo lopanda anthu sagulitsika, ndipo kusuntha nthawi yoyambira mochedwa pofuna kusangalatsa kanema kumalanga anthu omwe amayenda maulendo ataliatali kutsatira timu. Lembani mu mgwirizano masabata angati omwe masapota ayenera kudziwitsidwa nthawi isanasinthe.

Poyambira ndi zoti mulembe mu mgwirizano wotsatira

Njira yanzeru ndi kuyesa pomwe mulibe choti mutaye. Pafupifupi ligi iliyonse ili ndi masewero omwe palibe akuwagula: a maiko akunja komwe kuli nzika zanu zomwe zimasowa mpira wa kwawo, a ligi yachiwiri, a achinyamata, a amayi, kapena a timu yomwe kanema amaionetsa kawiri pa sizoni. English Football League idayamba chonchi mu 2017 ndi iFollow, njira yake yoonetsera masewero pa intaneti, poyamba kwa masapota okhala kunja, ndipo FIFA idatsegula FIFA+ mu 2022 ikuonetsa kwaulere masewero a maligi omwe analibe owaulutsa. Pa kuyesa kumeneku lembani mosamala zinthu zinayi: ndalama zomwe mwagwiritsa ntchito kuti mupeze wolembetsa mmodzi, miyezi yomwe amakhala asanasiye, mphindi zomwe amaonera, ndi madandaulo omwe amabwera pa masewero aliwonse. Ziwerengero za sizoni ziwiri zidzakuuzani zoona zomwe palibe katswiri wolembedwa ganyu angakuuzeni, ndipo zidzakupatsani mtengo womwe simuyenera kutsika pansi pake pokambirana ndi wogula.

Mu mgwirizano wotsatira ndi kampani ya kanema, umirirani kuti ufulu uliwonse womwe wogula sakuugwiritsa ntchito ubwerere kwa inu, kuti matimu aloledwe kuika zigoli zawo pa masamba awo patangopita maola ochepa, ndiponso kuti muzilandira ziwerengero za oonera masewero aliwonse. Komwe malamulo oteteza zinsinsi za anthu amalola ndipo eni ake avomera, pemphani kuti mudziwenso omwe akulembetsa chifukwa cha ligi yanu, popeza kwa zaka zambiri maligi akhala akugulitsa masewero osadziwa ngakhale dzina la munthu mmodzi mwa owaonera. Kutalika kwa mgwirizano kukhale zaka zitatu mpaka zisanu, zokwanira kuti wogula aikepo ndalama zake koma zosakumangani manja pa msika womwe ukusintha, pomwe Netflix yagula kale ufulu woonetsa World Cup ya amayi ya 2027 ndi 2031 ku America ndipo DAZN idaonetsa kwaulere masewero onse 63 a Club World Cup ya 2025. Ngati wogula akufuna zaka zochuluka, apereke mtengo wokwera chaka ndi chaka, gawo la phindu olembetsa akapitirira chiwerengero chomwe mwagwirizana, ndi mwayi woti ligi ituluke pakati pa nthawiyo ngati sakukwaniritsa kuchuluka kwa masewero omwe adalonjeza kuonetsa.